Kwa Mlangizi Watsopano pa Msasa wa Achinyamata

Sukulu zikatsekera, dzinthu zitalowa kale m'nkhokwe, mipingo yathu yambiri imatumiza anyamata ndi atsikana ku misasa ya achinyamata. Ena amakasonkhana pa sukulu ya mishoni, ena pa tchalitchi chachikulu cha m'dera lawo, ndipo ena amafika mpaka ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene Sinodi yathu ya Blantyre ili ndi malo ake olandirirako achinyamata ndi alendo. Makolofe timawaperekeza pokwerera basi, timawapatsa kamba ndi mawu awiri atatu, kenaka timabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Munthu amene akawalandire kumeneko sitimdziwa. Kawirikawiri amakhala mnyamata kapena mtsikana wa zaka zongopitirira pang'ono 20, amene ntchitoyo wangoiyamba kumene, ndipo nayenso mtima wake uli m'mwamba monga wathu.

Mwezi uno ndifuna kulankhula ndi mlangizi watsopanoyo. Angapo mwa ana amene ndidawaphunzitsa ku pulaimale alowa ntchito yotere, ndipo funso limene amandifunsa ndi limodzimodzi: "Aphunzitsi, ndikafika kumeneko ndiyambire pati kuti ana andimvere?" Makolo, inunso khalani pafupi, chifukwa ana amene tikunenawa ndi anu.

Ana awa ngobwereka

Yankho langa limayamba ndi kukonza funso lenilenilo. Nkhawa yoti ana akumvereni ndi yachiwiri. Yoyamba ndi yakuti mwana aliyense amene mwalandira ndi wobwereka, ndipo chobwereka chimabwezedwa kwa mwini wake chili bwino. Mayi amene wagulitsa nkhuku kuti alipire ulendo wa mwana wake sadzakufunsani kuti munaimba nyimbo zingati kapena kuti munafika pamwamba potani paphiri. Adzayang'ana mwana wakeyo potsika basi, ndipo adzaona ngati wabwera wamoyo, wosavulala m'thupi ndi mumtima, ndiponso ngati waphunzirako kanthu kabwino.

Mlangizi amene wagwira mfundo imeneyi amadziwa chochita m'masiku ake oyamba. Sathamangira kudzionetsa kuti ndi wanzeru kapena wamphamvu. Amayamba waphunzira zinthu zitatu: anthu amene wawapeza pamalopo, malo enieniwo, ndi ana amene apatsidwa m'manja mwake. Akatero, kumvera kumene amakufuna kuja kumabwera kokha.

Amene mwawapeza

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona. Inu mwachokera ku koleji kapena ku maphunziro ena, muli ndi masewera atsopano, nyimbo zatsopano ndi maganizo abwino. Koma kalumo kameneko kasungeni kaye m'thumba kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Pamalo aliwonse pali zizolowezi zimene zimaoneka zopanda pake kwa mlendo, koma kuseri kwake kuli chifukwa. Mukaona kuti belu la chakudya chamadzulo limalira msanga, musafulumire kulisintha. Funsani, ndipo mwina mudzamva kuti mdima umagwa msanga, kuti magetsi amazimazima, ndi kuti mbale ziyenera kutsukidwa kukadali kowala.

Pitani mukapereke moni ku khitchini tsiku loyamba lomwe. Amayi ophika ndiwo amadziwa mwana amene sakudya, ndipo mwana wosadya pa msasa ndiye kuti akudwala, akusowa kwawo, kapena anzake akumuzunza. Chezani ndi alonda, chifukwa ndiwo amadziwa pamene mpanda uli ndi mpata ndiponso nthawi imene anyamata amayesa kuzemba. Anthu amenewa ambiri ndi a msinkhu wa makolo anu. Aitaneni mwaulemu kuti bambo kapena mayi, ndipo musawatume ngati ana anu. Satifiketi yanu iwo sangaiwerenge, koma khalidwe lanu adzaliwerenga tsiku limodzi lokha, ndipo akakukondani adzakutchinjirizani ku zinthu zambiri zimene simukadaziona.

Kwa mkulu woyang'anira msasa, pitani ndi kope ndi cholembera. Mufunseni momveka kuti ntchito yanu ikuyambira pati ndipo ikulekezera pati, kuti mwana akadwala usiku mudzutse yani, kuti galimoto yopita ku chipatala cha Mulanje Mission kapena cha paboma imapezeka bwanji, ndiponso kuti bokosi la mankhwala likusungidwa ndi yani. Nkhani ya malipiro anu ndi masiku opuma ikambidwenso poyamba pomwe, ndipo ilembedwe. Kufunsa zotere si mwano. Madandaulo ambiri a pantchito amabadwa pa zinthu zimene anthu adachita manyazi kuzikamba pa tsiku loyamba. Safunsa adadya phula.

Phiri ndi madzi ake

Amene mwatumizidwa ku Likhubula muli ndi mphunzitsi wina wamkulu amene muyenera kumuopa, ndiye phiri lomwelo. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena okwera chotero m'Malawi muno. Ana akangofika amayang'ana thanthwe la Chambe ndi kuyamba kupempha kuti akwere. Inu musanatenge mwana ndi mmodzi yemwe, yendani nokha njira iliyonse imene mudzadutsemo ndi ana, muli limodzi ndi mmodzi wa operekeza alendo amene amapezeka pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula pomwepo. Anthu amenewa adakulira m'phirimo. Onani pamene pali poterera, pamene pali mthunzi wopumirapo, ndi pamene pali madzi. Werengani maola. Njira ya Skyline yopita ku chinyumba cha ku Chambe imatenga munthu wamphamvu maola atatu kapena anayi, koma gulu la ana limayenda pa liwiro la mwana wofooka kuposa onse, ndipo liwiro limenelo ndilo muyenera kuwerengera.

Nyengo ya kuno ili ndi mkhalidwe wakewake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yamawawa, imene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Kumatha kucha kowala bwino, koma pofika masana munthu osaona mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, kotero mwana amene wanyamuka pansi atavala malaya amodzi akafika pamwamba akunjenjemera. Ganizirani makamaka ana ochokera ku Nsanje ndi ku Chikwawa, amene kuzizira kotere sadakuonepo. Mwana akayamba kupunthwapunthwa, kulankhula mosokoneza kapena kuwodzera pa njira, musamunene kuti ndi waulesi. Thupi lake lazizira mopitirira muyeso. Mvuleni zonyowa, mvekeni zouma, mfunditseni bulangeti pamalo obisika ku mphepo, ndipo mpatseni tiyi wotentha wa shuga.

M'chaka cha 2009 mnyamata wina wa ku Brazil, wophunzira kwambiri ndiponso wozolowera maulendo, adasiya womuperekeza m'munsi nakwera yekha ku Sapitwa. Nyengo idasintha, ndipo adapezeka atafa patapita masabata. Nkhani imeneyi muwauze anyamata anu amene amadzimva mphamvu, ndipo inunso muisunge. Lamulo la paphiri ndi lakuti gulu siligawikana: wamkulu mmodzi patsogolo, wina pambuyo penipeni, ndipo palibe mwana wopitirira wapatsogolo kapena wotsalira wapambuyo.

Madzi ndiwo oopsa koposa, chifukwa amaoneka okoma. Dziwe la Nkhalamba, limene lili pa mathithi a mtsinje wa Likhubula, ndi malo amene mwana aliyense amafuna kukafikako. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya, ndipo miyala ya m'mbali mwake ndi yoterera. Ana ambiri amati amadziwa kusambira pamene adangosewerapo m'madzi olekeza m'chiuno. Musakhulupirire pakamwa pawo. Ngati pagulu lanu palibe wamkulu wodziwadi kupulumutsa munthu m'madzi, ana aone mathithi ali pamtunda, ajambulitse zithunzi, abwerere. Adzakwiya nanu madzulo amodzi okha. Kumbukiraninso kuti mvula ikagwa pamwamba, mtsinje umadzaza mwadzidzidzi m'munsi ngakhale kuli dzuwa. Anthu a kuno sadaiwale napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991, ndiponso namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, pamene madzi ndi miyala zidatsika m'mapiri ndi kukokolola midzi. Woperekeza akati lero sitiwoloka, mawu ake ndi otsiriza.

Phirili lilinso ndi ulemu wake. Lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okotobala udzu umakhala wouma, ndipo kamoto kamodzi kosazimitsidwa bwino kangathe kutentha mbande zimene anthu adazibzala ndi thukuta. Ana aone inu mukuzimitsa moto ndi madzi ndiponso mukutola mapepala anu. Phunziro limenelo lidzalowa kuposa ulaliki.

Dziwani nkhosa zanu

Ife aphunzitsi timadziwa kuti mwana amene ukumutchula dzina amamva msanga kusiyana ndi amene ukumuti "iwe wa malaya ofiira". Dzipatseni masiku awiri kuti mudziwe dzina la mwana aliyense, mpingo umene wachokera, ndi amene akumulera. Sinodi yathu ndi yaikulu. Pagulu limodzi mudzapeza mwana wa ku Ndirande amene ali ndi foni yodula, mwana wa m'makomboni a minda ya tiyi ku Lujeri, ndi mwana wamasiye wa ku Chiradzulu amene nsapato wavalazo ndi zobwereka. Ena kwawo amalankhula Chilomwe, ena Chiyao, ena Chisena. Mukawalekerera, adzadzigawa okha monga mwa chuma ndi chilankhulo, ndipo osauka adzakhala kumbuyo sabata yonse. Agaweni ndinu, mowasakaniza.

Kugawa ana m'timagulu si nzeru yatsopano. Pa Eksodo 18 timawerenga za Yetero amene adaona mkamwini wake Mose akutopa ndi kuweruza anthu yekha, namulangiza kuti aike atsogoleri a magulu, kufikira magulu a anthu khumi. William Alexander Smith, mphunzitsi wa Sande Sukulu ku Glasgow, adayambitsa Boys' Brigade mu 1883 ataona kuti anyamata okulirapo sakhazikika m'kalasi, ndipo mu 1886 adapita nawo ku msasa wawo woyamba. Robert Baden-Powell naye, pa msasa wa pa chilumba cha Brownsea mu 1907 umene udabala gulu la Masikauti, adatenga anyamata pafupifupi 20 nawagawa m'magulu anayi, lililonse ndi mnyamata wolitsogolera. Onsewa adaona chinthu chimodzi: mwana wovuta ukamupatsa udindo amasanduka mthandizi wako. Mnyamata waphokoso uja amene mukumuopa, mpatseni ntchito yowerenga anzake asanu ndi awiri ndi kunyamula chigubu cha madzi.

Kuwerenga ana kukhale chizolowezi chanu ngati kupuma. Werengani podzuka, pa chakudya, ponyamuka, popuma panjira, pofika, ndi pogona. Musamawerenge mitu yokha, itanani maina. Mbusa wa pa Luka 15 adadziwa kuti nkhosa imodzi yasowa chifukwa adali ndi chizolowezi chowerenga. Akadangoyang'ana gululo ndi maso, 99 zikadaoneka ngati 100.

Pali zina zimene simudzaziona m'kaundula. Wina ali ndi mphumu, wina amagwa khunyu, wina amakodza pogona ndipo akuopa usiku kuposa china chilichonse. Wina amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku, ndipo chifukwa choopa kusekedwa angathe kusiya kumwa sabata yonse. Konzani njira yoti mwana wotere amwe mankhwala ake pa nthawi yake popanda anzake kudziwa, ndipo chinsinsi chakecho chife nanu. Atsikana akhale ndi mlangizi wamkazi amene angamuuze za kumwezi mosachita manyazi. Pa za ukhondo musanyengerere konse. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo malo amene anthu ambiri akudyera ndi kugona pamodzi ndiwo matenda otere amakonda. Madzi akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe, sopo akhale pa khomo la chimbudzi, ndipo mapaketi a Thanzi asasowe m'bokosi.

Malire a mlangizi

Alangizi atsopano amagwa m'maenje awiri. Ena, poopa kupeputsidwa, amasanduka asilikali: kukalipa, kuimba kherere kosalekeza, kugwaditsa ana pamiyala. Ena, pofuna kukondedwa, amasanduka anzawo a ana, naseka nawo zilizonse mpaka tsiku loti aletse kanthu palibe wowamvera. Njira yabwino ili pakati. Malamulo akhale ochepa, anenedwe tsiku loyamba pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo agwire aliyense mofanana, mwana wa abusa ndi mwana wa mlonda. Mwana wolakwa mudzudzuleni pambali, koma pamalo oonekera. Dzanja lanu lisakhudze mwana pomulanga, ndipo chakudya chisakhale chilango.

Tsopano ndinene mawu amene ena amawazemba. Msinkhu wanu ndi wa ana okulirapo sukusiyana kwambiri. Mtsikana wa Fomu 3 angathe kuyamba kukutsatirani, kukulemberani timakalata kapena kukupemphani nambala ya foni. Kwa alangizi aakazi zoterezi zimachitikanso ndi anyamata. Dziwani kuti chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lilipo. Koma ngakhale pakadapanda lamulo, mwanayo ngwobwereka. Musakhale awiriwiri ndi mwana m'chipinda chotseka. Mwamuna asalowe kogona atsikana, ngakhale mkazi kogona anyamata, popanda mnzake. Musapereke mphatso kwa mwana mmodzi mobisa, ndipo musatumizirane naye mauthenga usiku. Malire amenewa amateteza mwana, ndipo amatetezanso mbiri yanu, imene ikada siyeranso msanga.

Tsiku lina mwana adzakuuzani chinthu cholemera, monga nkhanza zimene akukumana nazo kwawo kapena pa msasa pomwepo. Mvetserani modekha, musamukalipire, ndipo musalonjeze kuti simuuza munthu. Muuzeni kuti mudzauza okhawo amene angamuthandize, kenaka dziwitsani mkulu wa msasa tsiku lomwelo. Nambala yaulere ya 116 ilipo yothandiza ana pa nkhani zotere. Kubisa nkhani pofuna kusunga dzina la mpingo ndiko kumaononga dzinalo.

Pa za ndalama, ana akakusungitsani, lembani m'kope pamaso pawo ndipo asaine. Mwana musamubwereke ngakhale K100.

Mudzisamale nokha

Ntchito imeneyi ndi yoyamba kudzuka ndi yotsiriza kugona. Pofika tsiku lachinayi mawu amasasa, miyendo imalemera, ndipo mtima umayamba kupsa msanga. Usiku wina mudzakhala panja nokha mukumva mtsinje ukulira, ndipo mudzadzifunsa ngati mudachita bwino kuvomera ntchitoyi. Zimenezi zimagwera aliyense woyamba ntchito kutali ndi kwawo, ndipo zimapita. Gawanani maola a usiku ndi anzanu kuti aliyense agoneko mokwanira, chifukwa mlangizi watulo ndiye amalakwitsa kuwerenga. Sungani mphindi zanu za pemphero ndi Mawu m'mamawa ana asanadzuke, popeza simungatungire ena m'chitsime chouma. Lamulungu limene mulibe ana, kapembedzeni ndi mpingo wa pafupi, mudziwike kwa abusa ndi akulu a mpingo, kuti mukhale ndi kwanu kwachiwiri. Madzulo aliwonse lembani mizere itatu m'kope: chimene chayenda bwino, chimene chavuta, ndi mwana amene lero simunalankhule naye. Mawa muyambire pa mwana ameneyo.

Mawu kwa makolo

Makolo anzanga, mutu umodzi susenza denga. Mlangizi sangasamale bwino mwana amene ife tamubisira matenda ake. Lembani kakalata kofotokoza mankhwala amene mwana amamwa, zakudya zimene zimamuvuta, ndi nambala imene mungapezeke nayo usiku. Ngati akupita ku Mulanje m'nyengo yozizira, mpatseni juzi, bulangeti ndi nsapato zoyendera, osati zapatchalitchi zokha. Tili ndi ufulu wofunsa abusa kapena komiti ya achinyamata kuti ana akagona kuti, akuluakulu adzakhalapo angati, ndipo aakazi ndi angati. Mpingo wolongosoka sukwiya ndi mafunso otere. Mwana akabwerako, mpatseni mpata afotokoze zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Ngati zayenda bwino, tumizani mawu othokoza kwa mlangizi uja. Iwo amene amalera ana a eni amamva madandaulo kawirikawiri, koma zikomo amamumva mwa kamodzikamodzi.

Ndipo inu alangizi atsopano, musadere nkhawa kuti ndinu ana. Timoteo naye adali wamng'ono pamene Paulo adamusiyira mpingo wa ku Efeso, ndipo chimene adalangizidwa n'chakuti khalidwe lake likhale chitsanzo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa tsiku lotsiriza, basi ikafika, imani pakhomo pake ndi kaundula wanu, itanani dzina lililonse, ndipo mwana aliyense akwere mukumuona. Akakwanira onse, ntchito yanu mwaigwira.

Ambuye akusungeni inu ndi ana athu, mpaka tidzachezenso mwezi wamawa.